MAPU A MAGANIZO NDI AMISIRI AMENE AWAKONZA

Munthu ali yense amene anakhalapo pa msonkhano wa m'komboni adziwa m'mene nkhani imasocerera. Anthu asonkhana pa bwalo la sukulu ku Chawama, kapena m'chalichi ku Matero, kuti akambirane za madzi. Woyamba anena za mpopi umene unauma. Waciwiri akumbutsa za ngalande yotsekeka ndi zinyalala. Wacitatu afunsa kumene kunapita ndarama zimene anthu anasonkha caka catha. Pamene dzuwa lipendeka, mlembi ali ndi masamba atatu odzaza mau, koma palibe amene angathe kunena bvuto limene libala linzace, kapena nchito yoyenera kuyamba. Anthu abalalika ali otopa, ndipo mpopi uja ukhala ciumire.

Pali njira ina yolembera nkhani yotere, imene Azungu aichula kuti mind map, ndiko kunena mapu a maganizo. Mlembi atenga pepala lalikuru, nalemba pakati pace liu limodzi lokha, monga MADZI. Kucokera pa liulo ajambula nthambi zoloza mbali zonse, ndipo nthambi iri yonse aipatsa nkhani yace: iyi ya mipopi, iyi ya zitsime, iyi ya ngalande, iyo ya ndarama. Munthu akalankhula, mau ace safola pamzere kumunsi kwa mau a mnzace ai, koma aikidwa monga mphanda pa nthambi imene ayenera. Motero, pakutha pa msonkhano, nkhani yonse ioneka pa tsamba limodzi ngati mtengo, ndipo ngakhale wofika mocedwa aona msanga nthambi imene yalemedwa ndi imene anthu aiiwala.

Masiku ano mapu otere ajambulidwanso pa kompyuta ndi pa foni ya m'manja, ndipo kuli amisiri amene nchito yao ya tsiku ndi tsiku ndiyo kuonjezera zinthu zatsopano pa mapulogalamu ojambulira mapuwo. Nkhani ino ifotokoza m'mene agwirira nchitoyo, ndi cimene cisiyanitsa coonjezera cabwino ndi cacabe.

KUCOKERA PA PEPALA KUFIKIRA PA KOMPYUTA

Anthu ophunzira anayamba kale-kale kujambula nzeru zao ngati mtengo, koma amene anachukitsa dzina ili ndi njira yace ndi Tony Buzan, Mngerezi wobadwa m'caka ca 1942, amene anamwalira mu 2019. M'caka ca 1974 iye anaphunzitsa njirayi pa wailesi ya kanema ya BBC. Malangizo ace anali apafupi: nkhani yaikuru ikhale pakati, nthambi iri yonse isenze liu limodzi lokha, ndipo mitundu ya utoto ndi zithunzi zithandize maso kukumbukira.

Koma pepala liri ndi malire ace. Nthambi imodzi ikakula msanga, ifika m'mphepete ndi kusowa kopita. Mlembi akazindikira kuti mphanda ina anaiika pa nthambi yolakwika, ayenera kufafaniza kapena kuyambanso. Ndiponso pepalalo liri limodzi: wapampando akapita nalo kwao, ena onse atsala cimanjamanja.

Madandaulo atatu amenewa ndiwo anabala zoonjezera zoyamba. Mike Jetter, mmisiri wa makompyuta wa ku Germany, anayamba kulemba pulogalamu yojambulira mapu a maganizo ali m'cipatala, akudwala kansa ya m'magazi. Pulogalamuyo inaturuka mu 1994 ndi dzina la MindMan, ndipo pambuyo pace inapatsidwa dzina la MindManager. Pa kompyuta pepala silitha, pakuti nthambi zisendera zokha kupatsa malo zinzace. Mphanda yolakwika inyamulidwa yonse pamodzi ndi timphanda tace ndi kukalumikizidwa kwina. Nthambi yocuruka mau ingathe kupindidwa kuti ibisike, ndi kufunyululidwa pamene ifunika.

Kenaka kunadza FreeMind, pulogalamu yaulere imene kalembedwe kace kam'kati nkoonekera kwa onse, kotero kuti mmisiri ali yense pa dziko lapansi angathe kuiwerenga ndi kuikonza. Amisiri ena a FreeMind anapatuka, ndipo mu 2009 anaturutsa ina yochedwa Freeplane, m'mene anaonjezera zambiri, monga kuwerengera masamu pa nthambi. Dandaulo lacitatu, la pepala lokhala kwa munthu mmodzi, linayankhidwa ndi mapulogalamu onga MindMeister, imene inayamba mu 2007: mapu asungidwa pa intaneti, ndipo anthu angapo, ali yense ali kwao, alemba pa mapu amodzimodziwo nthawi imodzi.

Coyenera kucisunga pa mbiri iyi ndi cakuti zoonjezera zonse zimene zakhalitsa zinabadwa m'dandaulo la munthu amene anali ndi nchito m'manja.

M'MENE COONJEZERA CIBADWIRA

Amisiri alandira zopempha zambiri kuposa zimene angathe kucita. Wina afuna zithunzi, wina afuna kalendala, wina afuna kuti mapu azisanduka kalata. Tsono nchito yoyamba ndiyo kusankha, ndipo mmisiri wanzeru afunsa mafunso atatu. Kodi ndi anthu angati amene abvutika ndi cinthu cimeneci? Kodi angathe kucita nchito yao popanda ico? Nanga cikaikidwa, cidzasokoneza ciani mwa zinthu zimene ziripo kale?

Funso lacitatuli ndilo lobvuta, ndipo citsanzo cimodzi cidzaonetsa cifukwa cace. M'kati mwa pulogalamu, nthambi iri yonse iri ndi kholo limodzi lokha, ndilo nthambi imene inaphukapo. Tsono anthu apempha kanthu kooneka kakang'ono, akuti: pakhale mubvi wolumikiza nthambi ziwiri zotalikirana. Kuti mubviwo utheke, mmisiri ayenera kupatsa nthambi iri yonse nambala yace yobisika, kuti mubvi udziwe kumene ucokera ndi kumene uloza, ngakhale nthambi itasunthidwa. Ayenera kulingalira cimene cidzacitika kwa mubvi pamene nthambi imodzi yafafanizidwa, ndi kumene udzaloza pamene nthambiyo yapindidwa nibisika. Batani lobwezera zimene munthu walakwitsa liyenera kuphunzitsidwa kubweza mibvi nayonso. Ndiponso mapu akale, amene anthu anajambula mibvi isanabwere, ayenera kutsegukabe bwino, cifukwa munthu amene wataya nchito ya miyezi itatu sadzakhulupiriranso pulogalamuyo. Kamubvi kamodzi kakhudza malo asanu.

Ndico cifukwa cace amisiri sapereka coonjezera kwa anthu onse tsiku limodzi. Poyamba acijambula pa pepala ndi kucionetsa kwa anthu owerengeka. Acilemba m'pulogalamu, naciyesa ndi mayeso amene makina abwereza okha nthawi iri yonse pamene cina casinthidwa. Pambuyo pace acipereka kwa anthu odzipereka kuti acigwiritse nchito ndi kuulula zolakwa zace. Ndipo zikakonzedwa zimenezo, ndi pamene cituruka poyera. Anchito a pa mgodi aidziwa njira imeneyi, pakuti palibe kapitao wanzeru amene alowetsa gulu lonse pa malo ophulitsidwa kumene asanayese denga ndi citsulo.

Coonjezera ciri conse ciri ndi mtengo wace. Cikulitsa pulogalamu, cicurukitsa mabatani amene wophunzira ayenera kudziwa, ndipo cifuna wocisamala zaka zonse zam'tsogolo. Akuru anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Pulogalamu yodzaza zokongola ingathe kukhala yolemera kotero kuti foni ya munthu wamba ilephera kuinyamula.

KUYESA CIDACI PA BVUTO LA KANYAMA

Njira yabwino yodziwira cimene cida cisowa ndiyo kucipatsa nchito yeni-yeni, ndipo Lusaka ali nayo nchito yotere. M'mwezi wa October 2017 nthenda ya kolera inabuka m'komboni ya Chipata nifalikira ku Kanyama ndi kwina, ndipo pofika May 2018 odwala anaposa 5,000. Mu January 2018 boma linaletsa malonda a m'miseu, linacedwetsa kutsegula masukulu, ndipo anthu a ku Kanyama analamulidwa kusayenda usiku. Nthendayi inabweranso mu October 2023 ndi ukali woposa: m'dziko lonse odwala anapitirira 20,000, akufa anapitirira 700, ndipo bwalo la mpira la National Heroes linasandutsidwa cipatala.

Tsono ayerekeze womvera kuti komiti ya m'dera lina la Kanyama yakhala pansi mvula isanayambe, nilemba pakati pa mapu liu lakuti KOLERA. Nthambi yoyamba ndi ya nthaka. Kanyama anamangidwa pa malo athyathyathya, pamwamba pa thanthwe la laimu lokhala ndi ming'alu ndi mapanga, ndipo madzi apansi ali pafupi. Mvula ikacuruka, madzi asowa kopita. Nthambi yaciwiri ndi ya zimbudzi zokumba, zimene sizizama cifukwa ca thanthwelo, ndipo zisefukira m'dzinja. Yacitatu ndi ya zitsime zosazama. Yacinai ndi ya misika ndi zakudya. Yacisanu ndi ya ndarama za m'nyumba.

Kufikira pano mtengo wagwira bwino nchito. Koma mai wina aimirira nanena kuti zonyansa za m'cimbudzi zitsata ming'alu ya thanthwe ndi kulowa m'citsime. Mau amenewa ndi a nthambi zitatu pamodzi. Adzaikidwa pa iti? Bambo wina aonjeza kuti wodwala sagwira nchito, wosagwira nchito alibe ndarama zogulira madzi pa mpopi wolipira, wosowa ndaramayo atunga pa citsime, ndipo wotunga pa citsime adwalanso. Ici sicifanana ndi mtengo konse. Ndi mkombero umene ubwerera pomwe unayambira. Wogulitsa pa mseu naye akumbutsa kuti kuletsa malonda kucepetsa matenda ku mbali ina, koma ku mbali ina kuumitsa thumba limene ligula madzi abwino ndi sopo.

Apa ndi pamene mubvi uja uonetsa phindu lace. Anchito a ku Mufulira ndi ku Nkana adzamva msanga. Mgodi uli ndi shafiti yotsika pansi, ndi njira zoturuka m'mbali mwace ngati nthambi. Koma mgodi umene njira zace sizikomana ungaphe anthu, pakuti mpweya uyenera kulowera kwina ndi kuturukira kwina. Njira zopingasa ndizo zipatsa mgodi moyo, ndipo mibvi icita cimodzimodzi pa mapu. Joseph Novak, mphunzitsi wa pa Cornell University ku America, anakonza mu 1972 mtundu wina wa mapu m'mene mzere uli wonse wolumikiza mfundo ziwiri ulembedwapo liu lonena ubale wao, monga "cibala", "ciletsa", "cifuna". Komiti ya ku Kanyama ikakhala ndi mibvi yolembedwa motero, ingathe kuwerenga nthambi imene mibvi yambiri icokerako, ndi kuyamba nchito pomwepo. Coonjezera cotere nca mtengo wapatali kuposa mitundu makumi asanu ya utoto.

ZIMENE KOMBONI IFUNA KWA AMISIRI

Mapulogalamu ambiri a mtundu umenewu anakonzedwera munthu wokhala pa tebulo m'ofesi, wa kompyuta yaikuru, wa magetsi osazima ndi intaneti yosaduka. Mlembi wa komiti ku George kapena msungicuma wa cilimba ku Mtendere sakhala motero, ndipo zosowa zace ndi zina.

Coyamba ndi kucepa kwa galasi la foni. Mapu a nthambi makumi atatu sangaoneke pa kagalasi kolingana ndi cikhato. Mmisiri ayenera kukonza njira yoti munthu aziona nthambi imodzi yokha ndi ana ace, ndi kubwerera ku tsinde ndi cala cimodzi, osasocera.

Caciwiri ndi kugwira nchito popanda intaneti. M'caka ca 2024, cilala citacepetsa madzi pa damu la Kariba, nyumba zambiri za mu Lusaka zinali kukhala zopanda magetsi kupitirira theka la tsiku; ndipo ngakhale magetsi alipo, intaneti ya pa foni igulidwa ndi ndarama zimene zikadagula ndiwo. Cotero mapu ayenera kukhala m'foni mwenimwenimo, ndi kukatumizidwa kwa ena pokha-pokha mpata ukapezeka. Izi zibala bvuto lina lalikuru. Mlembi ali kwao afafaniza nthambi ya zitsime poganiza kuti nkhaniyo yatha. Tsiku lomwelo wapampando, naye ali kwao, aonjezera timphanda titatu pa nthambi yomweyo. Mafoni awiriwo akakomana pa intaneti, adzamvera yani? Pulogalamu yosasamala itsata amene walemba potsiriza, nitaya nchito ya mnzace mwakacetecete. Yabwino isunga mbiri ya zosintha zonse, ionetsa mbali ziwirizo, ndi kusiya ciweruzo kwa eni ace.

Cacitatu ndi cinenero. Wailesi ya boma la Zambia ilankhula zinenero zisanu ndi ziwiri za m'dziko kuphatikiza pa Cingerezi, koma mabatani a mapulogalamu ambiri alankhula Cingerezi cokha. Pa mapulogalamu aulere onga Freeplane, mau a pa mabatani amasuliridwa ndi anthu odzipereka, kotero kuti khomo nlotseguka kwa wodziwa Cinyanja kapena Cibemba. Nchitoyi ifuna nzeru, cifukwa liu la pa batani liyenera kukhala lalifupi ndi lomveka kwa onse: "Bweza", "Pinda", "Lumikiza". Ndiponso pa msonkhano pali nkhalamba zanzeru zimene sizilemba. Njira yomangirira mau olankhulidwa pakamwa pa nthambi ingasunge nzeru zao monga anazinenera.

Cacinai ndi kuturutsa mapu m'pulogalamu. Anthu ambiri a m'komiti sadzaika pulogalamu yatsopano m'mafoni ao. Afuna cithunzi cowerengeka bwino cotumiza pa WhatsApp, kapena pepala losindikiza loti likhomedwe pa cipupa ca kiliniki. Mapu amene sangaturuke m'foni ya mlembi abwerera ku bvuto lakale la pepala limodzi.

Cacisanu ndi cinsinsi. Mapu a komiti angakhale ndi maina a nyumba zimene munali odwala, kapena a anthu amene ali ndi ngongole ku cilimba. Cithunzi cikangotumizidwa sicibwezeka. Mmisiri wosamala aika njira yobisira nthambi zotere potumiza, ndipo anena poyera kumene mapu asungidwa ndi amene angathe kuwaona.

MAKINA OGANIZIRA ANTHU

Kuyambira ca m'ma 2023 mapulogalamu angapo aonjezera cinthu cina codabwitsa: munthu alemba mutu wa nkhani, ndipo makina ajambula okha mapu onse m'kamphindi. Ici cithandiza wophunzira amene afuna kuona msanga zigawo za buku lalitali. Koma pa msonkhano wa m'komboni pafunika kucenjera. Makina angathe kulemba nthambi zonse za kolera monga ziri m'mabuku, koma sadziwa ngalande imene itsekeka caka ndi caka kuseri kwa msika, kapena mpopi umene utsekedwa anthu asanaweruke ku nchito. Ndiponso phindu lalikuru la mapu liri m'kujambula komweko, pamene anthu atsutsana za malo oyenera mphanda iri yonse kufikira atamvana. Mapu amene anthu alandira okonzeka sawasenza ngati ao. Cotero coonjezera cimeneci ciyenera kukhala ngati mlendo wokumbutsa zimene zaiwalika, ndipo mpando ukhale wa eni mudzi.

KUYENDA NDI ENI MALO

Lusaka ali ndi phunziro lace pa nkhani yomanga zinthu za anthu ena. M'caka ca 1974 boma linayamba nchito yokonza makomboni onga Chawama, George, Chaisa ndi Chipata, ndi ngongole yocokera ku World Bank. Panafunika miseu ndi mipopi pakati pa nyumba zothithikana, ndipo mseu uli wonse unali kugwetsa nyumba zina. Akatswiri sanangolemba mizere ali m'ofesi. Anayenda pansi pamodzi ndi atsogoleri a anthu, kuona njira zimene anthu anapondaponda kale, ndi kupangana pamene mseu udzadutsa. Amene nyumba zao zinagwa anapatsidwa malo ena pafupi. Nchito inatenga nthawi, koma miseuyo inalandiridwa.

Amisiri a mapulogalamu ali ndi ulendo wofanana nao. Mu Lusaka muli anyamata ndi atsikana ambiri ophunzira luso limeneli, ena pa University of Zambia, imene iri moyandikana ndi Kalingalinga, ena pa BongoHive, malo osonkhanira amisiri a makompyuta amene anatsegulidwa mu 2011. Iwowa ali ndi mwai umene mmisiri wa ku Munich kapena ku California alibe: angathe kukwera minibasi ndi kukakhala kumbuyo kwa msonkhano wa komiti, osalankhula, kungopenya pamene cala ca mlembi cikaikira ndi pamene ataya foni natenga pensulo. Pamalo pomwepo ndi pamene pali coonjezera coyenera kumangidwa. Safunsa anadya phula.

Nao eni nchito ali ndi mbali yao. Mlembi amene pulogalamu yamlephera asangoifafaniza ndi kukhala cete. Auze amene anaipanga cimene anafuna kucita, cimene cinacitika, ndi mtundu wa foni yace, pakuti dandaulo lomveka bwino ndilo mbeu ya coonjezera. Ndipo komiti imene iribe foni yoyenera isadikire. Pepala lalikuru ndi makala, kapena nthaka yosesedwa ndi kamtengo, zikwanira kuyambira lero lomwe. Mvula ya November sidikira pulogalamu, ndipo ngalande imene anthu aiona pa mapu mu September ingathe kukumbidwa madzi asanafike pa khomo.